RCBS Rock Chucker Supreme Master Kit: press yake njabwino, koma bokosi lake ndi losakwanira

Bokosi la RCBS Rock Chucker Supreme Master Reloading Kit limagulitsidwa ngati lokhala ndi zonse zimene munthu woyamba kudzipangira zipolopolo angafune. Si zoona kwenikweni. Muli press (makina a pamanja ofinyira makoko a zipolopolo) yolimba imene ngakhale mdzukulu wanu adzaipeza ikugwirabe ntchito, muli sikelo yabwino, muli ndi tizipangizo tina tothandiza, koma mulibe zida zoyezera zimene zimakuuzani ngati chipolopolo mwapangacho n'choyenera kulowa mumfuti. Kuperewera kumeneku kumabisala bola mukungodzaza makoko a mtundu womwewo. Kumaonekera poyera tsiku limene mwayamba kusintha khoko la mtundu wina kuti likhale la mtundu wina, ndipo ndi pa ntchito imeneyi pamene bokosili liyenera kuweruzidwa.

Tigwirizane kaye mawu. Chipolopolo chathunthu chili ndi zinthu zinayi: khoko lamkuwa, primer (kachitsulo koyatsa wonga) yokhala kutsinde kwa khokolo, wonga, ndi mutu umene umauluka. Khoko lili ndi tsinde, thupi, phewa, khosi ndi mlomo. Miyeso ya ntchitoyi imayenda m'mainchi chifukwa zida zambiri ndi mabuku ake n'za ku America, ndipo wonga amauyeza m'ma grain. Grain imodzi ndi magalamu 0.0648, ndipo paundi imodzi ili ndi ma grain 7,000.

Ntchitoyi kwawo ndi ku America, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa inazika mizu ku South Africa, kumene alenje ndi ochita masewera owombera chandamale amadzipangira zipolopolo ndi wonga wa Somchem monga S335 ndi S365. Lamulo la kumeneko, Firearms Control Act ya 2000, limalola munthu wokhala ndi chiphaso cha mfuti kudzaza zipolopolo za mfuti yakeyo basi, osati zogulitsa. Limamuikira malire a zipolopolo 200 ndi ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha ngati analembetsedwa monga mlenje kapena wamasewera wokhazikika. Chiphasocho chimafuna kuti munthu akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhaliratu m'dzikomo, zimene abale athu ogwira ntchito ku Joni ayenera kudziwa asanawononge ndalama. Amene muli ku Malawi kapena ku Zambia musatenge lamulo la ku South Africa ngati lanu. Funsani kupolisi kumene mumalembetsa mfuti musanagule kanthu. Ndipo wonga ndi ma primer saloledwa m'chikwama cha pandege.

Kampani ya RCBS inayambitsidwa ndi Fred Huntington mu 1943 ku Oroville, California. Dzinali likuimira Rock Chuck Bullet Swage, chida chimene ankapangira mitu ya zipolopolo zowombera kanyama ka m'miyala kotchedwa rock chuck. Mu 2024 kampaniyi inagulidwa ndi Hodgdon, opanga wonga. Zimene zili m'bokosi zakhala zikusinthasintha ndi zaka, makamaka buku ndi mtundu wa sikelo, choncho werengani pakatoni musanalipire. Kawirikawiri mupezamo press, sikelo ya M500, choyezera wonga cha Uniflow, choikira primer cha pamanja, thabwa lapulasitiki loimikapo makoko, kachida kosalazira mlomo wa khoko, mafuta ndi kapadi kake, fanulo, ma Allen key ndi buku la miyeso ya wonga.

Press ndiyo ikudya gawo lalikulu la ndalama zanu, ndipo ndi yoyenera. Ndi ya chitsulo chosungunula, yooneka ngati chilembo O, yolemera pafupifupi makilogalamu 9, ndipo mpata wake wogwirira ntchito ndi mainchi 4.25, wokwanira ngakhale khoko lalitali la .375 H&H popanda kupanikiza zala. Ubwino wa O ndi woti mphamvu ikakwera chimango sichitambasuka. Press yooneka ngati C, kapena yopepuka ya aluminiyamu, imagonja pang'ono khoko likalimba, ndiye phewa la khoko limodzi limatsika mokwanira pamene la linzake latsala. Pa Rock Chucker zimenezi n'zochepa kwambiri. Chogwirira chake chimamangidwa kumanja kapena kumanzere, ndipo mphamvu yake imachuluka chakumapeto kwa ulendo, pamene khoko likufinyidwa kwenikweni. Koma chitsulo cholimba chotere chimangosamutsira vuto pa benchi. Mukaimanga pa thebulo lamatabwa opyapyala ndi misomali yamazinga, tsiku limene mudzafinye .30-06 kuti ikhale 8x57 thebulolo lidzanyamuka kapena kung'ambika m'mphepete. Pamafunika thabwa lochindikala masentimita 4 kapena 5, mabawuti odutsa mpaka pansi okhala ndi mawashala akulu, ndipo benchiyo imangidwe kukhoma.

Pamwamba pa press pali mazinga a 7/8-14, amene ma die (tizitsulo tabowo momwe khoko limafinyidwira) a RCBS, Lee, Redding, Hornady ndi Lyman amalowamo onse. Kachitsulo kokhala ndi mazingawo kamamasuka, n'kusiya bowo la 1¼-12 la ma die akuluakulu, ndipo m'bowo lomweli mukhoza kuikamo chosinthira cha Hornady Lock-N-Load kuti die izilowa ndi kupotokola kamodzi. Nambala 14 ija muisunge m'mutu. Mazinga 14 pa inchi ndiye kuti die ikazungulira kamodzi yatsika inchi 0.071, ndipo gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulirako ndi pafupifupi 0.009. Mabuku amati tsitsani die mpaka ikhudze shell holder (kachitsulo kogwira tsinde la khoko pa press), kenako muwonjezere gawo limodzi mwa 8 kapena mwa 4, kuti chogwirira chizidumpha kaphompho kakang'ono kumapeto. Malangizowa amatsimikizira kuti khoko lilowa mumfuti iliyonse, koma nthawi zambiri amakankha phewa mopitirira. Khoko lowomberedwa m'mfuti ya bolt (yotsekedwa ndi kutsegulidwa ndi dzanja) limangofuna kuti phewa libwerere inchi 0.002. Mukalibweza 0.008 ulendo uliwonse, khoko limatambasuka pamwamba pa tsinde nthawi iliyonse mukawombera, mkuwa umapyapyala pamenepo, ndipo pakapita maulendo ochepa pamaoneka mzere wowala wozungulira. Tengani kawaya ka pepala kopinda kunsonga, mukande m'kati mwa khoko. Kakakodwa m'kangalande, khokolo litayeni lisanadukire mu chamber, malo a mumfuti amene chipolopolo chimakhalamo. Kuti muyeze 0.002 pamafunika vernier (chida choyezera utali ndi kuchindikala) ndi kachida koyezera phewa. Zonse ziwiri m'bokosimu mulibe.

Cholakwika chodziwika cha press imeneyi ndi kachotengera ka ma primer akale. Ndi kapulasitiki kokoleka kutsogolo, ndipo ma primer ena amadumpha n'kugwera pansi. Si nkhani ya ukhondo chabe. Phulusa la primer lili ndi mtovu, komanso limagwera pa ram (chitsulo chimene chimakankhira khoko mu die) n'kusakanikirana ndi mafuta, n'kukhala ngati msasa umene umadya chitsulo pang'onopang'ono. Lee Classic Cast, yotsika mtengo, inathetsa vutoli kalekale podutsitsa ma primer m'kati mwa ram mpaka m'kapaipi. Pa Rock Chucker mankhwala ake ndi kupukuta ram mukamaliza, kudonthezapo mafuta opepuka, ndi kusamba m'manja musanagwire chakudya.

Tsopano kusintha makoko. Chifukwa chake n'chodziwikiratu kwa aliyense amene anafunapo makoko a mtundu wosowa: a .223, a .308 ndi a .30-06 ali mbwee, pamene a 8x57 kapena a 6x45 mumachita kusakasaka. Lamulo la mkuwa ndi limodzi. Mukachepetsa khosi, khoma lake limachindikala ndipo khoko limatalika pang'ono. Mukalikulitsa, khoma limapyapyala ndipo khoko limafupika. Mavuto ambiri a ntchitoyi amachokera pamenepa.

Yosavuta kwambiri ndi 6x45, imene alenje a ku South Africa amaikonda pa springbok ndi nswala. Ndi khoko la .223 Remington lokulitsidwa khosi kuchoka pa 0.224 kufika pa 0.243, phewa osalisuntha. Pakani mafuta pang'ono m'kati mwa khosi ndi kabulashi, lowetsani mu die ya 6x45, mwatha. Chimene chimavuta ndi kachitsulo kotambasula khosi ka m'kati mwa die. Kakakhala kobulungira ngati mkanda kamalowa mokakamiza, khosi limapendekera mbali imodzi kapena phewa limafwamphuka. Kosongoka pang'onopang'ono kamalowa bwino. Pa ntchito ngati iyi mphamvu ya Rock Chucker ilibe phindu lapadera, press iliyonse ikhoza. Ngakhalenso ingakupusitseni: chifukwa chogwirira n'champhamvu, simumva kuti khosi lakana mpaka mutaliphwanya. Tsitsani chogwirira ndi zala, osati ndi phewa lanu.

Kuchoka pa .308 Winchester kupita pa 7mm-08 n'kosavutanso, ulendo umodzi mu die, khosi kuchoka pa 0.308 kufika pa 0.284. Khoko limatuluka lofupikirapo kuposa la 7mm-08 la kufakitale, poti .308 malire ake ndi mainchi 2.015 pamene 7mm-08 ndi 2.035, ndipo kufupika kotereku sikuvulaza. Pamene pamafunika maso ndi pa .243 Winchester. Kulumpha kuchoka pa 0.308 mpaka 0.243 ulendo umodzi kumakwinya phewa ndi kutaya makoko ambiri. Dutsirani kaye mu die ya 7mm-08, kenako ya .243. Mukatero yezani khosi. Malire a khosi la chipolopolo chodzaza cha .243 ndi inchi 0.276. Tiyerekeze kuti khoma lachindikala kufika 0.017: mutu wa 0.243 kuwonjezera makoma awiri ndi 0.277. Chipolopolo chotere chikhoza kulowa mu chamber mokakamiza, bolt n'kutsekeka, inu n'kuganiza kuti zili bwino. Koma khosi lilibe mpata wotambasukira kuti lisiye mutu, ndipo mphamvu ya m'kati imakwera kwambiri ngakhale wonga uli wa muyeso woyenera. Njira yake ndi kupanga chipolopolo chimodzi chopanda wonga ndi primer, kuyeza khosi lake, ndipo ngati ladutsa malire kulipala kunja ndi neck turner mpaka pakhale mpata wa 0.002 kapena 0.003. Kayesedwe kena kachidule: khoko lowomberedwa kale m'mfutiyo liyenera kulola mutu watsopano kulowa m'khosi ndi zala zokha. Ukakana, khosi ndi lochindikala.

Pamene Rock Chucker imaonetsa chimene inapangidwira ndi pa .30-06 kupita pa 8x57. Apa phewa likubwezedwa m'mbuyo pafupifupi mamilimita 3, khosi likukulitsidwa kufika 0.323, ndipo khoko la mamilimita 63 likudulidwa kufika 57. Chotsani kaye kachitsulo kotambasula khosi mu die. Pakani mafuta pathupi la khoko, lowetsani pang'ono, bwezani, litembenuzeni mu shell holder, lowetsaninso mozamirapo. Maulendo atatu kapena anayi amapereka phewa losalala kuposa kukankha kamodzi. Khosi limatuluka lalitali ngati la nsupa. Kudula mamilimita 6 ndi trimmer (chodulira khoko) ya pamanja pa makoko 50 ndi chilango, choncho ambiri amagula trim die ya RCBS, imene pamwamba pake ndi polimbitsidwa: khoko limatulukira pamwamba, mumadula ndi sowo yazitsulo ya mano ang'onoang'ono, n'kusalaza ndi fayilo. Kenako bwezeretsani kotambasula khosi, dutsitsaninso, ndipo malizani ndi trimmer pa mainchi 2.230. Mbali ya khosi latsopanoli yachokera ku phewa lakale, choncho kuyeza khosi kuja n'kofunikanso pano. Ndipo mwini mfuti yakale ya 8x57 atsimikize kaye mpope wake, chifukwa ilipo mitundu iwiri, wa 0.318 ndi wa 0.323, ndipo mutu waukulu mu mpope waung'ono ndi ngozi.

Ya .300 Blackout kuchokera ku .223 imatchuka ku America. Khoko limadulidwa chapaphewa, n'kufinyidwa, n'kumalizidwa pa mainchi 1.358. Khosi lonse limachokera ku thupi lakale, ndipo khoma likaposa 0.013 chipolopolo chimadutsa malire a 0.334. Choopsa chake n'chakuti .300 Blackout ikhoza kulowa mu chamber ya .223, ndipo ikawomberedwa mmenemo mfuti imaphulika. Amene ali ndi mfuti zonse ziwiri asamazitengere kowombera m'thumba limodzi la zipolopolo.

Mafuta a m'bokosimu, Case Lube-2 ndi kapadi kake, ndi abwino pa kudzaza kwa masiku onse ndipo amachoka ndi madzi. Pa kusintha makoko phula la Imperial Sizing Die Wax limaposa: mumangokhudza ndi chala n'kupaka. Mafuta akachuluka paphewa amatsekeredwa pakati pa die ndi mkuwa, ndipo chifukwa safinyika amaboola timaenje paphewa. Timaenje tating'ono timawongoka mukawombera, koma tozama timasiya mkwinya umene umadzang'ambika. Akachepa, khoko limakakamira mu die, ndipo apa mphamvu ya press imeneyi imakhala mdani: mukakoka chogwirira, mkombero wa tsinde umasomphoka, shell holder imatsika yokha, khoko latsala m'kati. Musamenye ndi nyundo kapena kulowetsa sikuludiraiva, mudzakanda die ndipo khoko lililonse lotsatira lidzatuluka ndi mzere. Chida chochotsera khoko lokakamira chimabwera ndi chobowolera cha nambala 7 ndi tap ya ¼-20. Mumabowola pamalo a primer, kudula mazinga, kuika kakapu kachitsulo pamwamba, n'kumanga bawuti mpaka khoko litasololoka. N'chotsika mtengo ndipo chinayenera kukhala m'bokosi lolembedwa kuti Master.

Mkuwa wa makoko ndi wosakaniza, magawo 70 kopa ndi 30 zinki, ndipo umauma ukamapindidwa. Khoko losinthidwa lapindidwa kwambiri, ndiye popanda kulifewetsa ndi moto khosi limang'ambika pa ulendo woyamba kapena wachiwiri. Chofewetsedwa ndi khosi ndi phewa basi. Tsinde liyenera kukhala louma, chifukwa ndilo limagwira mphamvu yonse. Khoko lofewa tsinde ndi loopsa ndipo silikonzeka. Pakani utoto wa Tempilaq wosungunuka pa madigiri 750 Fahrenheit, amene ndi pafupifupi 400 Celsius, m'kati mwa khosi la makoko oyesera, zunguzani khoko m'lawi la gasi, ndipo werengani masekondi mpaka utotowo utasungunuka. Khosi likafiira ngati khala mwapitirira, ndipo silidzagwiranso mutu. Ambiri amafewetsa akamaliza kuchepetsa khosi, chifukwa mkuwa wofewa kwambiri umafwamphuka mu die, koma asanakulitse khosi la makoko akale, kuti lisang'ambike. Ntchito yamotoyi ichitikire kutali ndi wonga ndi ma primer, pa makoko opanda kanthu m'kati.

Sikelo ya M500 ndi ya mtanda, yosafuna magetsi kapena mabatire, imafika ma grain 505 ndipo imasiyanitsa 0.1. Achinyamata amaiderera poyerekeza ndi za manambala, koma sikelo yamagetsi yotsika mtengo imasochera ikatentha, pamene iyi ikaikidwa pa zero pamalo osagwedera imakhala pomwepo. Iikeni pa shelefu yofanana ndi maso anu, osati pa benchi imene press ikugwedeza, ndipo tsekani zenera ndi fani, poti kamphepo kochepa kamasuntha muvi. Cholakwika choopsa pa sikelo yotere n'cha munthu: kachitsulo kakakulu kotsetsereka pa mtanda kakakhala pa mpata woyandikana, mwaphonya ndi ma grain angapo nthawi imodzi. Miyala yoyesera sikelo imagulitsidwa padera. Gulani.

Uniflow imagwira bwino ndi wonga wa timibulu tozungulira, pamene kusiyana kumakhala pafupifupi 0.1 grain. Ndi wonga wa timitengo titalititali mumamva ikudula timitengoto, khwee, ndipo muyeso umasiyana ndi 0.2 kapena 0.3. Pa zipolopolo zosakira nyama pa mtunda wamba zimenezi sizioneka pa chandamale, koma mukayandikira malire apamwamba a m'buku ikani Uniflow kuti izigwetsa mochepera, n'kumalizitsa pa sikelo ndi trickler (chida chogwetsa wonga pang'onopang'ono), imenenso mulibe m'bokosi. Ikakhala yatsopano itsukeni mafuta a kufakitale, apo ayi wonga umamatirira. Kokani chogwirira chake mofanana ulendo uliwonse, tayani miyeso 10 yoyamba m'chitini momwe munatenga, ndipo musasiye wonga usiku m'botolo lake: wina umadya pulasitiki, komanso mawa simudzakumbuka kuti ndi uti. Pa benchi pazikhala chitini chimodzi chokha cha wonga.

Miyeso ya wonga sitiilemba pano, ndipo musaitenge kwa munthu wa pa Facebook. Itengeni m'buku la opanga wongawo kapena opanga mitu, ndipo yambirani pa muyeso woyambira. Buku la m'bokosi ndi la ku America ndipo lilibe wonga wa Somchem, choncho wa ku South Africa afunika kabuku ka Somchem komwe. Pa makoko osinthidwa chenjezo limakula. Khoko la .243 lochokera ku .308 ya asilikali lili ndi makoma ochindikala ndi malo ochepa m'kati, ndipo wonga womwewo umapereka mphamvu yochuluka. Kuyeza n'kosavuta: pimani khoko lopanda kanthu, lidzazeni madzi mpaka pamlomo, pimaninso, n'kuyerekeza ndi khoko la kufakitale. Zizindikiro za mphamvu yopitirira ndi bolt yolimba potsegula, kachizindikiro kowala patsinde, ndi primer yophwatalala kapena yogwa yokha. Mukaona chimodzi, lekani, bwererani pansi. Musanaike mitu, unikani ndi tochi makoko onse ali pa thabwa lija. Lopanda wonga limasiya mutu pakati pa mpope, ndipo chipolopolo chotsatira ndicho chimaphulitsa.

Makoko a asilikali ali ndi misampha ina iwiri. Ena ndi a primer ya Berdan: mukasuzumira m'kati muona timabowo tiwiri m'malo mwa limodzi lapakati, ndipo kasingano kochotsera primer kamathyoka pomwepo. Ena ndi a Boxer koma primer yake inatsinidwa m'mphepete, ndiye yatsopano siilowa mpaka mutachotsa mkombero umenewo ndi swager kapena reamer.

Choikira primer cha pamanja n'chabwino kuposa kuikira pa press, chifukwa mumamva ndi dzanja primer ikafika pansi, komanso mumamva bowo likayamba kukhwepa, chizindikiro choti khoko latopa. Chili ndi kachitseko kolekanitsa primer imene ikuikidwa ndi zinzake za m'mbale. Primer ikhale pansi pa tsinde ndi 0.003 mpaka 0.005, yendetsani chala, yotumphuka mudzaimva. Valani magalasi ndipo mlomo wa khoko uloze kutali ndi nkhope. Mtundu wamba wa chidachi umagwiritsa ntchito shell holder yomwe ija ya pa press, choncho gulani ziwiri kuti musamasuleremasule. Samalani manambala: .308 ndi .30-06 ndi nambala 3 kwa RCBS koma 2 kwa Lee, ndipo .223 ndi 10 kwa RCBS koma 4 kwa Lee. Kusakaniza die ya kampani ina ndi shell holder ya ina kumatheka, koma kukhoza kusintha pamene phewa likuima, ndiye yezaninso.

Mukawerengera zonse, pamwamba pa mtengo wa bokosi onjezani ma die, ma shell holder, vernier, trimmer, trickler, choyezera phewa, miyala ya sikelo ndi chochotsera khoko lokakamira. Wofuna kusintha makoko awonjezerenso micrometer ya mutu wobulungira yoyezera khoma la khosi, neck turner, phula ndi Tempilaq. Kusowa kwa ma die n'komveka, poti RCBS sangadziwe mfuti yanu. Kusowa kwa vernier ndi trimmer n'kosamveka. Khoko lotalika kupitirira malire limatsinidwa kumapeto kwa chamber n'kugwira mutu, monga mmene khosi lochindikala lija limachitira, ndipo munthu woyamba amene wauzidwa kuti bokosi lili ndi zonse sangadziwe zimenezi.

Kodi mugule? Ngati cholinga ndi zipolopolo za pisito mazanamazana pa mwezi, ayi. Press ya die imodzi imatulutsa mwina 50 pa ola, ndipo Dillon 550 ndiyo ya ntchito imeneyo. Ngati mukusaka kulondola kwa pa mpikisano, Forster Co-Ax, imene die yake imayandama ndipo sifuna shell holder, ili ndi otsatira ake pa zifukwa zomveka, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Ngati thumba ndi lopyapyala, Lee Classic Cast imafinya makoko omwewo, ndipo ndalama yotsalayo ikwanira vernier ndi trimmer. Rock Chucker ndi ya mlenje kapena wowombera chandamale wa mfuti zazitali amene akufuna press imodzi moyo wonse ndipo akudziwa kuti adzasintha makoko. Kwa woyamba wopanda chida chilichonse, bokosi lonse limatsika mtengo kuposa kugula chimodzichimodzi, bola akonzekere mndandanda wowonjezera uja. Amene ali kale ndi sikelo agule press yokha.

Chomaliza chimene palibe press ingakuchitireni ndi dzina la patsinde. Khoko la 8x57 lochokera ku .30-06 limanenabe kuti .30-06, ndipo la 6x45 limanenabe kuti .223. Chipolopolo cha 8x57 chikhoza kulowa mu chamber ya .30-06 ya mnzanu amene wangowerenga patsinde, mutu wa 0.323 n'kukumana ndi mpope wa 0.308. Makoko osinthidwa akhale m'bokosi lawolawo lolembedwa mtundu weniweni, kumene anachokera, wonga, muyeso, mutu, primer, tsiku ndi maulendo amene awomberedwa, ndipo patsinde pa lililonse pakhale utoto wa cholembera chosafufutika, umene muziubwereza mukatsuka makoko.